Ng'ombe ikaswa, pali pofulumira ndi podekha

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tikambirane ndi anzathu oweta ng'ombe za kasamalidwe ka ng'ombe yoswa kumene pamodzi ndi thole lake. Mlimi amadikira masiku pafupifupi 283 kuti aone thole, koma imfa zambiri za mathole, ngakhale zobwera patapita masabata awiri kapena atatu, gwero lake limakhala zimene zinachitika kapena zimene sizinachitike pa tsiku lobadwa. Zolakwikazo zimakhala zomwezomwezo. Anthu amapupuluma pa zinthu zofuna kudekha, monga kukoka nsengwa, n'kumazengereza pa zinthu zosadikira munthu, monga kumwetsa thole chithuwi (mkaka woyamba) ndi kuitana dokotala wa ziweto ng'ombe ikagwa.

Thole likangotuluka, choyamba ndi mpweya. Ng'ambani nembanemba imene yaphimba mphuno, ndipo ndi zala zoyera chotsani zonanda za m'kamwa ndi m'mphuno. Likhazikeni mogonera chifuwa, miyendo yakutsogolo itapindika pansi pake, kuti mapapo onse awiri afufume bwino, chifukwa likagona cham'mbali phapo la pansi limapanikizika. Litokoseni m'mphuno ndi kaudzu koyera kuti liyetsemule ndi kukoka mpweya, kenako lipukuteni mwamphamvu m'nthiti ndi pamsana ndi thumba louma kapena udzu wouma. Ngati likuonekabe lofooka, lithireni timadzi tozizira pamutu. Chimene tikukana ndi kuligwira miyendo yakumbuyo n'kulizondotsa, kapena kulipachika pamtanda wa khola. Madzi amene amatuluka mukatero, munthu n'kumadziona ngati wachita chanzeru, ambiri amachokera m'mimba osati m'mapapo, ndipo matumbo onse amatsamira kuchifuwa moti thole limalephera kukoka mpweya umene mukuufunawo.

Thole lamphamvu limadzutsa mutu m'mphindi zochepa, limadzikhazika lokha pachifuwa pasanathe mphindi 5, limaimirira ola lisanathe, ndipo pofika maola awiri limakhala litapeza bere. Likatha mphindi 15 lili chigonere cham'mbali, kapena labadwa mutu ndi lilime zitatupa, kapena ubweya wake wathimbirira chikasu ndi ndowe zake zomwe, dziwani kuti lavutika pobadwa. Loterolo musaliyembekezere kuti liyamwa lokha.

Ng'ombe isiyeni inyambite thole lake. Kunyambitako kumaliumitsa, kumalifunditsa ndi kuyendetsa magazi, ndipo ndi pomwe ng'ombe imagwira fungo la mwana wake. Msoti woswa koyamba nthawi zina umachita mantha, n'kumagunda thole kapena kulimenya mateche likafuna bere. Kuukwapula n'kuonjezera vuto, chifukwa ng'ombe yamantha imabisa mkaka. Umangeni m'mutu, muuikire chakudya, wina agwirizize thole pabere, ndipo muwaze timchere kapena timadeya pamsana pa thole kuti make akopeke kulinyambita. Awiriwo akhale m'khola la okha masiku awiri kapena atatu, kutali ndi agalu ndi chigulu cha anthu oonerera.

Mchombo usadikire mawa. Misempha yake imakafika kuchiwindi ndi kuchikhodzodzo, choncho tizilombo tikalowera pamenepo timayenda ndi magazi thupi lonse. Thirani ayodini wa 7 peresenti m'kakapu, muviike mchombo wonse mpaka pakhungu la mimba, ndipo mubwereze pakatha maola 12 popeza make amanyambita wina n'kuchoka. Ngati mchombo ndi wautali moti thole lingauponde, uduleni ndi lumo latsopano n'kusiya masentimita 5. Sabata yoyamba yonse muziugwira tsiku ndi tsiku. Uyenera kumauma ndi kufota, osapweteka. Ukatupa, kutentha, kununkha kapena kutuluka mafinya, thole n'kumapinda msana mukaukhudza, pafunika jekeseni wa dokotala. Mukachedwa mudzaona mawondo atatupa thole lili ndi masabata awiri kapena atatu, ndipo matenda akafika molumikizirana mafupa kuchira kwake n'kovuta. Chotupa chofewa, chosapweteka, chobwerera m'mimba mukachidina, ndi nkhani ina: pamenepo ndiye kuti minofu ya pamimba sinatseke bwino. Tinenenso kuti ayodini sangapulumutse thole logona m'matope ndi ndowe.

Nkhani yaikulu kuposa zonse m'kalata ino ndi ya chithuwi. Nsengwa ya ng'ombe silola asilikali oteteza thupi kuchoka kwa make kupita kwa thole lili m'mimba, mosiyana ndi mmene zimakhalira kwa munthu. Thole limabadwa lopanda chitetezo n'komwe, ndipo chonse chimene likufuna chili mu mkaka woyamba uja, wachikasu, wolemera ndi womata. Matumbo a thole lobadwa kumene amatha kulowetsa asilikaliwo m'magazi ali athunthu, koma mwayi umenewu sukhalitsa. Maola awiri oyamba ndiwo abwino kwambiri, pofika maola 6 wayamba kale kuchepa, pa maola 12 watsika kwambiri, ndipo pakatha maola 24 matumbo amakhala atatseka. Chithuwi chomwa tsiku lachiwiri ndi chakudya chabwino ndithu, chimathandizanso m'matumbo momwemo, koma m'magazi simulowanso kanthu. N'chifukwa chake thole lobadwa pakati pa usiku siliyenera kudikira kuti kuche.

Muyeso wake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thole. La makilogalamu 25 limwe malita 2.5, la makilogalamu 40 limwe malita 4, zonsezi m'maola 6 oyamba, gawo lalikulu likhale la m'maola awiri oyambawo, kenako limwenso maola 12 asanakwane. Kuona thole lazika mutu pansi pa make si umboni wakuti likumwa. Yandikirani muone: lomwadi limapukusa mchira, pakamwa pamachita thovu, nsonga ya bere imene layamwa imanyowa ndi kufota, ndipo mimba imadzaza mukaigwira. Kuti likhute chithuwi chokwanira liyenera kuyamwa mosalekeza kwa mphindi pafupifupi 20. Ng'ombe zazikulu za bere lolendewera ndi nsonga zonenepa ndizo zimapusitsa anthu. Thole limafufuza m'mwamba, n'kumayamwa ubweya wakuda wa m'miyendo, ndipo tizilombo timene lameza pamenepo timadutsa m'matumbo otseguka aja chithuwi chisanafike. Choncho tsukani mawere, muwapukute, mukame kawiri katatu nsonga iliyonse kuti katsekero ka kubowo kachoke, mulilozere thole. Maola awiri akatha lisanayamwe, kamani nokha mulimwetse ndi botolo la nsonga. Ngati silikoka ngakhale chala mukachiika m'kamwa, pafunika munthu wodziwa kulowetsa kapaipi kummero. Kulikhuthulira mkaka m'kamwa thole losameza n'kuuthira m'mapapo.

Si chithuwi chilichonse chimene chili ndi mphamvu. Chenicheni ndi cha kukama koyamba. Cha kukama kwachiwiri chimakhala chitasungunuka kale, ndipo ng'ombe ikakhala maola ambiri isanakamidwe mkaka watsopano umachisungunulanso m'bere momwemo. Chimafooka ngati ng'ombe imadontha mkaka isanaswe, ngati yakamidwa mpaka kuswa osapumitsidwa masiku pafupifupi 60, kapena ngati yaswa ili yoonda. Amene ali ndi kachipangizo kotchedwa Brix refractometer adonthezepo dontho limodzi: kakaonetsa 22 kapena kuposa, chithuwicho n'chabwino. Alipo ena amene amachitaya poganiza kuti ndi mkaka woipa wotsegula m'mimba. Zoona zake n'zakuti chimafewetsa m'mimba kuti ndowe zoyamba zija, zakuda ndi zomata, zituluke, ndipo zimenezo n'zofunika. Chotsala musataye. Mufiriji chikhale masiku osaposa awiri, koma choumitsidwa m'timatumba ta lita imodzi chimasungika mpaka chaka. Pochisungunula ikani kathumbako m'madzi ofunda amene dzanja lingapirire, osawiritsa, chifukwa moto umapha asilikali aja. Thole limwe chili pa madigiri 38 kapena 39. Make akafa kapena akakhala wopanda mkaka, tengani chithuwi cha ng'ombe ina yathanzi imene yangoswa kumene, makamaka ya m'khola lomwelo, koma osati ya bere lodwala, ya TB, kapena yotsegula m'mimba mosalekeza ikuonda.

Tsiku likatha thole lisanachite ndowe, likungodzikakamiza mimba ikufufuma, kwezani mchira muone, chifukwa ena amabadwa opanda potulukira. Mkaka ukamatulukira m'mphuno, pisani chala kumwamba kwa m'kamwa mumve ngati kuli kong'ambika. Zonse ziwirizi n'za dokotala.

Anthu akatanganidwa ndi thole, ng'ombe imaiwalika. Ipatseni madzi ofunda pang'ono nthawi yomweyo, malita 20 kapena kuposa, muzionjezera mpaka ikane yokha, ndipo muiikire udzu wabwino kwambiri umene muli nawo. Yataya madzi ambiri, komanso m'mimba mwatsala malo aakulu pomwe panali thole. Ng'ombe ili ndi mimba zinayi. Chifu, chimene ndi mimba yaikulu, chikadzaza msanga chimatseka malowo, ndipo mimba yachinayi, imene imakonda kusuntha malo ng'ombe ikangoswa, imakhala pamalo pake. Idzutseni iimirire ola lisanathe, pamalo posaterera. Ikamadzikakamizabe mwamphamvu, kapena thole likaoneka laling'ono poyerekeza ndi make, ganizirani mapasa. Tsukani kumbuyo kwake ndi sopo, muvale golovesi lalitali, mupise dzanja mofatsa, kapena muitane wodziwa. Mapasa akakhala lalimuna ndi lalikazi, lalikazilo musaliwerengere ngati ng'ombe yodzabereka, popeza 9 mwa 10 oterewa amakhala osabereka. Timagazi takuda pang'ono si vuto, koma magazi ofiira piriwiri otuluka mosalekeza akutanthauza msempha woduka. Tsekanipo ndi thaulo loyera, mudinikize, wina athamangire dokotala.

Ngozi ina yosadikira ndi kutuluka kwa chiberekero. Chimatembenuka n'kutuluka chonse, kulendewera mpaka m'mawondo akumbuyo, chofiira, chili ndi timibulu tambirimbiri. Kawirikawiri zimachitika m'maola oyamba, makamaka ngati thole linakokedwa mwankhanza kapena mchere wa kashiyamu wachepa m'magazi. Ng'ombeyo musaiyendetse kapena kuithamangitsa, chifukwa misempha ikuluikulu ya m'kati ikhoza kuduka, iyo n'kufa m'mphindi zochepa. Chotsani ng'ombe zina ndi agalu, kulungani chiberekerocho m'nsalu yoyera yonyowa ndi madzi ofunda, muyale pulasitiki pansi pake kuti chisakhudze dothi, ndipo dokotala abwere ola lomwelo.

Nsengwa ndiyo ikufuna mtima wodekha. Imagwirana ndi chiberekero pa timibulu tija, timene timakhalapo pafupifupi 100, ndipo kalikonse kayenera kumasuka pakokha. Nthawi zambiri imatuluka m'maola 2 mpaka 8. Akakwana maola 12 yambani kuyang'anitsitsa, ndipo akakwana 24 tinganene kuti yatsalira. Zimachitika kwambiri ng'ombe ikaswa mapasa, ikaswa masiku asanakwane, ikavutika poswa, ikanenepetsa, ikasowa kashiyamu, seleniyamu kapena vitamini E, kapena ikakhala ndi matenda ochotsa bere. Apa ndi pomwe anthu amaikoka, ena kumangirirako mwala kapena njerwa. Nsengwa yokokedwa imaduka, zidutswa n'kutsalira m'kati, khungu la m'chiberekero limachita zilonda, ndipo tizilombo timapeza polowera m'magazi. Ng'ombe zina zovuta kutenga bere zinapwetekedwa motero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mangani mfundo gawo lolendeweralo, kapena mulidule cha m'mawondo, kuti lisakwekwereke m'ndowe kapena kupondedwa. Muzitsuka mchira ndi kumbuyo tsiku lililonse, ndipo musathire mankhwala alionse m'chiberekero mwa inu nokha. Nsengwayo imadzagwa yokha pakatha sabata kapena masiku 10. Fungo lake n'loipa, koma ng'ombe imene ikudya, ikubzikula, thupi silinatenthe, sili pangozi. Ikasiya kudya, mkaka n'kutsika, thupi n'kutentha, pamenepo kudekha kwatha, itanani dokotala.

Nsengwa ikatuluka, ikwirireni mozama. Ng'ombe ikhoza kutsamwa nayo, ndipo galu akaidya akhoza kutenga kachilombo kotchedwa Neospora, n'kumakafalitsa kudzera m'chimbudzi chake pa msipu ndi m'chakudya, ng'ombe zina n'kumataya bere. Nsengwa ndi madzi oberekera musazigwire chimanjamanja. Matenda a brucellosis amagwiranso anthu kudzera m'zimenezi ndi mu mkaka wosawiritsa, ndipo amayi oyembekezera ndi bwino asagwire nawo ntchito imeneyi.

Chida chimene khola lililonse liyenera kukhala nacho ndi choyezera kutentha kwa thupi. Chilowetseni kotulukira ndowe, chitsamire m'mbali osati pakati pa ndowe, m'mawa uliwonse kwa masiku 10. Ng'ombe yabwino imakhala pa madigiri 38 mpaka 39.3. Ikapitirira 39.5 pali matenda, kaya m'chiberekero kaya m'bere. Zotuluka kumbuyo zofiirira, zonanda, zopanda fungo, n'zachibadwa ndipo zimatha m'masabata awiri kapena atatu. Zamadzimadzi zonunkha chivundi, ng'ombe ili ndwii mchira utakwera pang'ono, ndi chiberekero chimene chagwidwa ndi tizilombo.

Matenda amene amatha kupha ng'ombe yabwino m'tsiku limodzi ndi aja otchedwa milk fever. Ng'ombe ikayamba kupanga chithuwi imachotsa kashiyamu wambiri m'magazi nthawi imodzi, pomwe mafupa ndi matumbo zimachedwa kubwezeretsa, ndipo popanda kashiyamu minofu sigwira ntchito. Amakonda ng'ombe za mkaka wambiri zoswa kachitatu kupita m'tsogolo, makamaka za mtundu wa Jersey, m'masiku atatu oyamba. Zimayamba ndi kunjenjemera, kudzandira ndi kukana chakudya. Kenako imagwa, khosi litapindika, mutu utatsamira m'nthiti, makutu ozizira, mphuno youma, ndowe osatuluka, ndipo mukayeza mupeza kuti kutentha kwa thupi kwatsika m'malo mokwera. Mankhwala ake ndi calcium borogluconate, botolo la mamililita 400, lofunditsidwa kaye, lolowetsedwa mumsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kapena kuposa. Kulithamangitsa kumaimitsa mtima, n'chifukwa chake ndi ntchito ya dokotala. Ikathandizidwa msanga imageya, imachita ndowe, ndipo nthawi zambiri imadzuka pakatha ola kapena awiri. Cholakwa chachikulu ndi kumwetsa ng'ombe yogwa mankhwala ndi botolo. Mmero nawo umakhala utafooka, ndipo zomwetsazo zimapita m'mapapo, ng'ombe n'kudzuka lero koma kudzafa ndi chibayo sabata yomweyo. Kashiyamu wakumwa ndi wa ng'ombe imene ikadaimirira ndipo ikumeza bwino. Kupewa kwake kumayamba masabata atatu isanaswe: isanenepetse, isapatsidwe chakudya chochuluka kashiyamu pa nthawi imeneyo, ndipo isasowe maginiziyamu.

Podikira dokotala, ng'ombe yogwa ikhale mogonera chifuwa, itatchinjirizidwa ndi matumba odzaza udzu. Ikagona cham'mbali mpweya umadzaza m'chifu, imafufuma n'kubanika. Muziitembenuza maola atatu alionse, chifukwa kulemera kwake kumapha minofu ya mwendo wa pansi m'maola pafupifupi 6. Pakhale mthunzi, pofewa, madzi ndi udzu pafupi ndi pakamwa. Koma si kugwa kulikonse kumene kuli kwa kashiyamu. Thole lalikulu limatha kufinya misempha ya m'chiuno: ng'ombe ili maso gwa, ikudya, koma miyendo yakumbuyo ikutanyuka. Imangeni miyendoyo ndi chingwe chofewa, kusiya mpata wa theka la mita. Gwiraninso bere, chifukwa matenda oopsa a bere nawo amagwetsa ng'ombe.

Bere lotupa mbali zonse, losatentha, losiya kadzenje mukadina ndi chala, si matenda. Limachitika kwambiri kwa misoti ndipo limaphwa ndi kukama ndi kusisita. Mkaka wofiirira pang'ono masiku oyamba nawo umayera wokha. Chodetsa nkhawa ndi gawo limodzi la bere lolimba, lotentha, lopweteka, lotulutsa mkaka wa mibulu kapena wamadzimadzi. Njira yodziwira msanga ndi kukamira mkaka woyamba wa nsonga iliyonse m'kapu yakuda musanayambe kukama, osati pansi kapena m'manja. Manja akhale otsuka, mawere ouma, ng'ombe iliyonse ndi kansalu kake, ndipo yodwala izikamidwa pomaliza. Mukatha kukama viikani nsonga m'mankhwala ake, ndipo muiikire chakudya kuti ikhale chiimire kwa mphindi 30, popeza bowo la nsonga limakhala lotseguka ndipo ikagona pandowe tizilombo timalowa. Mkaka wa masiku anayi oyamba ndi wa thole, si wogulitsa. Wa ng'ombe yobayidwa mankhwala opha tizilombo usamwedwe kapena kugulitsidwa mpaka atakwana masiku olembedwa pabotolo.

Pa kadyedwe, vuto ndi lakuti mkaka umafika pachimake m'masabata 4 mpaka 8, pomwe kudya kwa ng'ombe kumafika pachimake mochedwerapo, cha m'masabata 10 mpaka 12. Pakati ponsepo imadya mafuta a m'thupi mwake. Mlimi akaona ikuonda amaikhuthulira chakudya chosakaniza chambiri tsiku limodzi, chifu n'kuchita asidi, ng'ombe n'kusiyiratu kudya. Onjezerani theka la kilogalamu patsiku, udzu wabwino uli patsogolo nthawi zonse, mpaka mufike pa kilogalamu imodzi pa malita awiri alionse opitirira amene udzu pawokha ungapereke. Madzi asathe m'chomwera: ng'ombe yamkaka imamwa malita 60 mpaka 100 patsiku, kukatentha kuposa apo. Ikafika masabata 2 mpaka 6 chiswereni n'kuyamba kusiya chakudya chosakaniza, kumangotola tiudzu, ndowe zouma, mpweya wa m'kamwa ukumveka ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndiye kuti shuga wachepa m'magazi ndipo mafuta osungunukawo akuipweteka. Dokotala akatsimikiza, imamwetsedwa mankhwala a propylene glycol mamililita 300 patsiku kwa masiku atatu mpaka asanu. Atsimikize ndithu, chifukwa mimba yachinayi ikasuntha zizindikiro zake zimafanana.

Tibwerere kwa thole. Pobadwa mimba yachinayi yokha ndiyo imagwira ntchito, chifu chikadali chaching'ono. Thole likamakoka nsonga, kangalande ka kumapeto kwa mmero kamatsekeka n'kulondolera mkaka ku mimba yachinayiyo. Mkaka wozizira, kapena womwa mogwaphula m'ndowa, wina umagwera m'chifu momwe umasasa, thole n'kufufuma mimba, ubweya n'kuyamba kunyankhalala. Choncho mkaka ukhale wofunda pa madigiri 38 kapena 39, nthawi zake zisamasinthesinthe, bowo la nsonga likhale laling'ono, ndipo ziwiya zizitsukidwa ndi kuumitsidwa nthawi iliyonse. Muyeso wotsikitsitsa patsiku ndi gawo limodzi mwa 10 la kulemera kwake, wogawidwa kawiri kapena katatu. Malita 4 kwa thole la makilogalamu 40 ndi ongolisunga ndi moyo, 6 ndiye amalikulitsa bwino. Mu mkaka musathire madzi. Kumene thole limayamwa kwa make amene akukamidwanso, lisiyireni mawere awiri athunthu masabata oyamba, mosinthasintha. Kulisiyira zotsalira m'mawere okamidwa kale n'kulipha ndi njala pang'onopang'ono. Kuyambira sabata yoyamba liikireni madzi oyera paokha, chakudya cha mathole chodzaza dzanja chosinthidwa tsiku lililonse, ndi tiudzu tofewa touma. Chakudya chambewucho ndi madzi ndizo zimakulitsa chifu. Kuletsa kuyamwa kuyendere kadyedwe osati kalendala: likamatha kilogalamu imodzi mpaka imodzi ndi theka patsiku kwa masiku atatu otsatizana, kulemera kwake kutawirikiza kawiri, nthawi zambiri pa masabata 8 mpaka 12, chepetsani mkaka pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Pogona pa thole yesani chonchi: gwadani pa udzu woyalawo kwa theka la mphindi. Mukadzuka mawondo atanyowa, sinthani. Muli chigwadire, nunkhizani. Fungo la mkodzo lobaya m'mphuno limene simulimva mutaimirira ndilo thole limapuma usiku wonse, ndipo limatsegulira njira chibayo. Mpweya uzilowa ndi kutuluka cham'mwamba, koma mphepo isaombe pathupi pa thole. Lotsokomola, la mamina, lopuma mofulumira, makutu atagwa, kutentha kutapitirira 39.5, lionedwe tsiku lomwelo.

Kutsegula m'mimba ndiko kumapha mathole ambiri m'mwezi woyamba, ndipo msinkhu umapereka chithunzi cha choyambitsa. M'masiku anayi oyamba kawirikawiri ndi bakiteriya wotchedwa E. coli. Kuyambira masiku 5 mpaka masabata atatu amakhala mavairasi kapena kachilombo ka Cryptosporidium, amene jekeseni wopha mabakiteriya sawakhudza. Kupitirira masabata atatu, ndowe zamagazi thole likudzikakamiza, ganizirani coccidiosis, matenda obwera ndi tizilombo ta m'matumbo. Koma chopha thole si kachilomboko kwenikweni, ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Tsinani khungu la pakhosi n'kulisiya. Likabwerera pasanathe masekondi awiri zili bwino, likachedwa mpaka masekondi 6 madzi achepa kwambiri, ndipo likaima chiimire, maso atalowa m'kati, m'kamwa mozizira, thole osadzuka kapena kukoka chala, pafunika diripi ya dokotala, zomwetsa sizingathandizenso. Limene likuyamwabe lipatseni madzi a mchere wobwezeretsa mphamvu, malita awiri kawiri patsiku kapena kuposa, pakati pa nthawi za mkaka. Mkakawo musauleke, chifukwa madzi amcherewo alibe chakudya chokwanira ndipo matumbo amafuna mkaka kuti apole. Mchere wogula wopangidwira mathole ndiwo wabwino, koma ukasowa sungunulani magalamu 8 a mchere, magalamu 8 a soda wophikira ndi magalamu 40 a gulukosi m'malita awiri a madzi owiritsa ofunda. Shuga wamba musaikemo: thole laling'ono silitha kumugaya, ndipo amangoonjezera kutsegulako. Pakati pa madziwa ndi mkaka papite maola awiri, popeza soda amalepheretsa mkaka kuundana m'mimba. Lodwala lipatuleni, lizidyetsedwa pomaliza ndi ziwiya zake, ndipo musambe m'manja, chifukwa tina mwa tizilombo timeneti timagwiranso anthu, makamaka ana.

Nyanga zichotsedwe thole lili ndi masabata 2 mpaka 6, zisanamatirire kuchibade, ndipo wochotsayo abaye kaye mankhwala ochititsa dzanzi. Lembani tsiku loswa, mmene kuswako kunayendera, nthawi imene nsengwa inatuluka ndi mankhwala alionse amene aperekedwa, chifukwa ng'ombe imene inagwapo ndi milk fever imakonda kugwanso ikadzaswa kwina. Chiberekero chimatenga masabata 4 mpaka 6 kuti chibwerere mwakale, choncho ngakhale ng'ombe isonyeze msanga kuti ikufuna nkhunzi, dikirani masiku 45 mpaka 60 musanaikweretse. Kuti iziswa chaka ndi chaka iyenera kutenga bere pofika tsiku la 82 kapena chapompo. Ikafika masiku 60 osasonyeza chizindikiro chilichonse, kapena ikamatulutsabe mafinya oyera patatha masabata atatu chiswereni, dokotala aipime m'chiberekero musanataye nthawi ndi nkhunzi.

Ndife,
Alangizi a ziweto ndi alimi a ng'ombe